Munthu Wachitatu pa Buku la Asisi

Ndikuuzeni zimene msewu wathu wonse wakhala ukunong'ona sabata ino, koma musakanene kuti munamva kwa ine. Akuti Lachiwiri masana, pabenchi podikirira basi, chibwenzi cha asisi anga chinaoneka chitakhala ndi mtsikana wa pafotokope uja, wa tsitsi lofiira kunsonga. Sanagwirane manja ayi. Akanagwirana manja bwenzi zili bwinoko. Anali atagawana mahedifoni, wina khutu lake, wina khutu lake.

Mwina mukuti nanga pamenepo pali nkhani yanji? Ndiye kuti awiriwa simukuwadziwa.

Mnyamatayu amakonza zamagetsi, koma tonse timangomutcha Makutu, chifukwa kaya akuyenda, kaya ali pamwamba pa makwerero, tizingwe timakhala tili lende m'makutu mwake. Si nyimbo ayi. Amamvera mabuku, aja oti munthu wina amakuwerengera pafoni iwe n'kumangotchera khutu. Komanso si mabuku a anthu akuluakulu. Ndi a zinjoka zamapiko, malupanga olankhula, ndi ana amsinkhu wanga oti dziko lonse likudikira iwowo kuti alipulumutse, pomwe ine kuno mbale zokha ndimachita kukumbutsidwa.

Ndi zomwezi zimene anakopera asisi. Chaka chatha anabwera kudzakonza soketi ya kukhitchini kwathu, asisi n'kumufunsa kuti akuseka chiyani yekhayekha ngati wazungulira mutu. Iye anangozula hedifoni yakumanzere n'kuwapatsa. Ntchito ya mphindi khumi inatenga maola awiri. Kuyambira pamenepo yakumanzere ndi ya asisi. Ine ndinapemphapo kamodzi, anandikaniza akuseka, akuti mbali imeneyo ili ndi mwini wake.

Mabukuwo amamvera pa akaunti imodzi, aliyense pafoni yake, ndipo ali ndi lamulo lawo: palibe kupitirira mnzako. Akamaliza chaputala amatumizirana mauthenga a mawu, kukangana ngati anthu a m'bukumo ndi abale awo. Pano ali pa buku la mtsikana woweta mphepo. Inde, mphepo, amaziweta ngati mbuzi. Mtsikanayo akufunidwa ndi anyamata awiri, kalonga wina wopanda chithunzithunzi ndi mwana wa mmisiri wosula zitsulo. Asisi ali mbali ya kalonga. Makutu kuyambira pachiyambi ali mbali ya wosula zitsulo, ndipo amati munthu amene chithunzithunzi chake chomwe chinamuthawa, iwe ungamukhulupirire bwanji?

Mphekeserayi inabwera nthawi yoipa. Lamlungu la sabata yomweyi ndiye linali tsiku loti Makutu adzaonekere kwa adadi, kudzanena kuti akufuna asisi. Ndipo adadi sanamufunepo. Amati mwamuna wandevu zake womvera nthano za ana adzalera bwanji banja, mwana akadzadwala adzaitana chinjoka? Asisi anatenga miyezi itatu kuwanyengerera kuti angomuona chabe. Ndiye awiriwa anagwirizana kuti bukulo aliimitse kaye pa chaputala 30, chotsatiracho adzamvere limodzi adadi akavomera.

*

Nkhani inafika kwathu Lachitatu, ndi azakhali. Anabwera ati kudzabwereka sizasi, koma potuluka sizasiyo anaiiwala pampando. Mphekesera imanenepa ikamayenda, inu. Kwa amayi ogulitsa masamba zinali mphindi zisanu pabenchi, pofika kwa ometa tsitsi linali ola lathunthu, pofika mkamwa mwa azakhali mtsikanayo anali atagoneka kale mutu paphewa.

Adadi anangoti iwo anaziona kale, munthu wotseka makutu tsiku lonse sangamve malangizo. Amayi anayesa kumuikira kumbuyo, ati mwanayu ndi waulemu, anatikonzera firiji. Adadi anati firiji si banja. Koma anati abwere ndithu Lamlunguro, akufuna amukane akumuyang'ana m'maso.

Asisi anachita ngati sizikuwakhudza. Anati anthu a mumsewu muno akasowa chochita amaweta mabodza. Koma titalowa kuchipinda kwathu anatenga foni, kutsegula buku lija, n'kundiitana.

"Iwe, tabwera. Tinalekezera pa 30. Apa palembedwa chiyani?"

Panalembedwa 36.

Anadina kuti limveke. Bambo wowerenga uja, amene nthawi zonse amalankhula modekha ngati akupereka uthenga wa maliro, anayamba kuthamanga ngati kondakitala woitanira anthu. Wina anali atawonjezera liwiro. Asisi anazimitsa msanga kuti asamve za kutsogolo. Anati Makutu sangachite zimenezo ngakhale utamuloza ndi mpeni, chifukwa iye amati kumvera buku mothamangitsa kuli ngati kumeza chakudya osatafuna. Ndiye ngati si iye, ndi munthu amene iye anamupatsa pasiwedi. Anakhala pabedi n'kumangobwereza kuti wa pafotokope, wa pafotokope.

Apa ndiye ndiulule, poti inu si asisi. Liwirolo ndinawonjezera ndine. Timagona chipinda chimodzi, ndipo asisi akamamvera osavala mahedifoni nanenso ndimamva, ndiye bukulo linandilowa m'magazi. Chaputala 30 chinatha mtsikana uja atatsekeredwa pamwamba pa nsanja, mphepo zake zonse zitabedwa. Munthu ungadikire sabata yathunthu? Lolemba asisi akusamba ndinamvera 31, Lachiwiri 32. Ndinathamangitsa chifukwa asisi amasamba mphindi makumi awiri basi. Ndinkafuna kubwezera pa 30, koma amayi anandiitana kukhitchini, ndinaiwala.

Koma ndikulumbira, ine ndinalekezera pa 32. Machaputala anayi enawo sindikuwadziwa. Ndikanaulula, mlandu wonse ukanagwera ine, wakuba mnzangayo n'kupulumuka. Ndikanapanda kuulula, Makutu akanasenza ndi zanga zomwe. Ndinasankha kukhala chete, chinthu chimene sindinachichitepo chibadwire.

*

Lachinayi dzuwa litapendeka Makutu anabwera. M'nyumba salowa, amaima kuseri kwa mpanda, pafupi ndi zenera la kukhitchini, ndiye ine tsiku limenelo ndinatsuka mbale zoyera kale.

Asisi anayamba ndi moni waulemu, wa muli bwanji bambo, ndipo iye anadziwiratu kuti zaipa, chifukwa masiku onse amangomuti iwe. Za pabenchi sanakane. Anati mtsikanayo anamufunsa kuti amamvera chiyani tsiku lonse, iye n'kumulawitsa mphindi zisanu, basi inabwera, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Munamupatsa mbali iti?" anafunsa asisi.

"Mbali ya chiyani?"

"Musandipusitse. Yakumanja kapena yakumanzere?"

Anaseka kaye, ati kodi zafika poti tiziwerengana makutu. Ataona kuti akuseka yekha ndi pamene anati yakumanja. Asisi anati chinthu choona sichichita kuganiziridwa nthawi yaitali choncho. Za chaputala 36 anati sakudziwa, mwina kapulogalamuko kanangodumpha kokha, mafoni amatero. Pasiwedi akuti sanapatse munthu. Zonsezi ankalankhula akuyang'ana nsapato zake.

Kenako asisi anafewetsa mawu ngati akhululuka, ine n'kudziwa kuti msampha ukutchedwa. Anayamba kudandaula kuti alisowa bukulo, kuti akhala akuganiza, mwina Makutu amanena zoona, kalonga uja ndi tambwali. Mukudziwa zimene anayankha munthu amene kwa machaputala makumi atatu wakhala akumunyoza kalongayo?

"Ayi, mwina tinamuweruza msanga. Munthu woti anapereka chithunzithunzi chake kuti awombole mlongo wake si woipa ameneyo."

Mbale inatsala pang'ono kundipulumuka. Za mlongo wa kalonga ine sindinazimve. Mu 31 mulibe, mu 32 mulibe.

"Kalonga ali ndi mlongo?" anafunsa asisi, motsitsa kwambiri.

Makutu anayamba kuchita chibwibwi. Ati anaziona m'ndemanga za anthu ena omvera, mwangozi, akufufuza buku lina. Koma ndi yemweyu amene amati wowerenga ndemanga buku lisanathe ali ngati munthu wofunsa zigoli mpira asanauonere. Asisi anamukumbutsa mawu akewo. Anamuuza kuti maganizo amenewo si ake, pali amene wamubwereka, ndipo iwo akufuna amudziwe mwini wake.

"Ngati pofika Loweruka simunandiuze amene mukumvera naye, Lamlungu musavutike n'kusita malaya."

Atachoka, asisi anandikokera kuchipinda kuti ndiwathandize ntchito. Tiwerenge ndemanga zonse za pansi pa bukulo, tione ngati ilipo yotchula mlongo wa kalonga. Zinalipo zoposa mazana awiri. Iwo ankaopa kuona za kutsogolo, ndiye anatembenukira kukhoma, ine n'kumawerenga mokweza.

Anthu ali ndi nthawi, inu. Wina analemba kuti ankamvera akuyendetsa galimoto n'kupitirira kwawo ndi makilomita khumi. Wina anapereka nyenyezi imodzi yokha chifukwa wowerenga amameza malovu pafupi ndi maikolofoni. Mayi wina anadandaula kuti anagulira mwana wake, koma wamaliza ndi iyeyo, mwanayo akudikirabe. Wina anati mtsikana woweta mphepo ndi wopusa, akanawasiya anyamata onse awiri n'kusamala ziweto zake, ndipo asisi anati ameneyo ndiye wanzeru yekha padziko. Za mlongo wa kalonga, ngakhale imodzi.

Asisi sanalire. Anayamba kumvera mauthenga akale a Makutu, aja okangana za bukuli, umodzi umodzi. Mu uthenga wina ankati wosula zitsulo ndiye mwamuna weniweni, salonjeza zambiri, amangobwera ndi nyundo yake. Mu wina ankaseka kuti m'mabuku amenewa mnyamata akangovala zakuda n'kumalankhula pang'ono, atsikana onse amagwa, ngakhale atawotcha mzinda wonse. Asisi anaimitsa pamenepo. Anati munthu sasintha maganizo yekha pa masiku anayi, pali amene wakhala akumunong'oneza.

*

Lachisanu pochokera kusukulu ndinapita ndekha pafotokope, nditanyamula pepala la masamu loti sindinkalifuna n'komwe. Ndinkafuna ndimuone mdaniyo pafupi.

Kashopu kake n'kakang'ono, kotentha, konunkha inki. Mtsikanayo ankatafuna chingamu, hedifoni imodzi ili kukhutu. Ndinafunsa ngati mwana wosadziwa kanthu kuti akumvera chiyani. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndiwe mng'ono wake wa uja, eti? Akutuma?"

Ndinakana. Anaseka, n'kundiuza kuti ndikhale pakatoni ya mapepala andiuze, chifukwa watopa ndi kulozedwa zala.

Anati iye mabuku omvera amawakonda, anayamba kale Makutu asanadziwe n'komwe kuti aliko, koma za zinjoka ndi mphepo ayi. Akuti maola atatu oyamba amangokuuza kuti mfumu yakuti inabereka yakuti, mayina ake ngati a mankhwala a kuchipatala, ukangoyetsemula wasochera. Akuti buku la pepala ukaiwala munthu umabwerera masamba awiri n'kumupeza, koma la m'makutu ukabwerera umakapezeka uli pankhondo ina ya chaka china. Ndiye bambo wowerenga buku la mphepolo, akuti akafika pa mawu a mtsikana amafinya kukhosi ngati mbuzi yachimfine. Pamenepo ndinaseka, chifukwa ndi zoona.

Iye akuti amakonda za ana asukulu, za mtsikana woti mnzake wapamtima wamulanda chibwenzi, mayeso ali pafupi, kunyumba kuli mavuto. Zinthu zoti zikhoza kukuchitikira. Ngakhale zimenezonso akuti pena zimamukwiyitsa. Makolo a m'mabuku amenewa amakhala kuti? Mwana kusowa panyumba masiku atatu, pobwera palibe womufunsa, akungofikira kutsegula firiji. Komanso bwanji nthawi zonse anyamata awiri okongola pa mtsikana mmodzi, pomwe kunja kuno ndi atsikana awiri pa mnyamata mmodzi, mnyamatayonso wosasamba?

Ndinayamba kumukonda, zomwe sindinabwerere.

Za pabenchi anati ndi zoona, anapempha yekha kuti amve chimene chimaseketsa munthu wamkulu choncho. Atatambasula dzanja kuti atenge yakumanzere, Makutu anaibweza msanga ngati wina wafuna kumulanda mwana, n'kumupatsa inayo. Mphindi zisanu zisanathe iye anamubwezera, ati bola kumvera phokoso la makina ake.

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinanyamuka kuti ndizipita, koma iye anachotsa chingamu mkamwa, ine n'kukhalanso, chifukwa munthu akachotsa chingamu ndiye kuti nkhani yeniyeni ikubwera.

Anati tsiku limenelo, asanakakhale pabenchi, Makutu anali mushopu mwake. Akuti mabuku amenewa akakhala a pepala amakhala ndi mapu a dziko lopekalo kutsogolo, mapiri ake, mitsinje yake, koma womvera saona kanthu, amangoyenda ngati wamangidwa nsalu kumaso. Ndiye Makutu anawapeza mapuwo pa intaneti. Ake anasindikiza kale mwezi watha, amawasunga m'bokosi la zipangizo. Lachiwiri anasindikiza ena awiri, a mitundu, n'kumatitsa pulasitiki onse.

"Amodzi ndi a asisi ako, tinene choncho," anatero akubwezera chingamu. "Enawo ndi a ndani? Anga si amenewo. Ine dziko lakelo sindingalifune ngakhale laulere."

*

Loweruka Makutu sanaimbe. Anangotumiza uthenga m'mawa woti alibe choulula chifukwa palibe chimene wachita. Asisi anachapa zovala zonse za m'nyumba, ngakhale makatani oti anachapidwa sabata yatha. Masana ndinawapeza kuchipinda akulemba uthenga wautali, kulemba n'kufufuta, maso ali psuu. Ndinasuzumira paphewa pawo. Unali wothetsa chibwenzi.

Ndinaganiza za hedifoni imene Makutu anamukaniza wa pafotokope uja. Ndinaganiza za miyezi itatu imene asisi anakhala akupangira adadi tiyi wosafunsidwa. Chala chawo chili pafupi kutumiza, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Asisi, musatumize. Bukulo ndinamvera ndine, inu mukusamba."

Pilo anandipeza kumaso, wachiwiri pamsana, khutu langa n'kupotokoledwa mpaka ndinaona nyenyezi masana. Ananditchula mayina onse, kamfiti, kambava, kazitape. Koma mkati motukwanamo anayamba kuseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi, n'kundikumbatira mpaka ndinabanika.

Ndinayesa, anthu inu, ndinayesa. Ndinati ine ndinamvera awiri okha, 31 ndi 32, enawo si ine.

"Wakuba akagwidwa ndi nkhuku zisanu ndi imodzi amavomera ziwiri. Khala chete."

Ndinati nanga za mlongo wa kalonga, si tinafufuza ndemanga zonse? Anati ndiye kuti ndinadumpha ina, ine kuwerenga kwanga n'kwa chipwirikiti. Za pafotokope ndinawauza, zoti anakaniza yakumanzere, ndipo nkhope yawo inawala ngati wina wayatsa babu. Za mapu awiri zinafika pakhosi n'kubwerera. Mukanawaona mmene ankasangalalira, nanunso mukanameza.

Anamuimbira Makutu pomwepo, foni ili pasipika, ati nanenso ndipepese. Ndinapepesa. Koma chimene ndinaona ine n'chakuti Makutu anakhululuka msanga kwambiri. Munthu wonamiziridwa amayamba wanyada kaye, amafuna umunyengerere, amafunsa mafunso. Iye anangopumira m'mwamba n'kuti zatha, tiiwale. Sanafunse n'komwe kuti ndinamvera mpaka pati.

*

Lamlungu anafika 2 koloko masana, malaya osita, m'makutu mopanda kanthu koyamba chimuonereni. Ankaoneka ngati waiwala kuvala china chake. Pakhomo anapatsa asisi envulopu yaikulu, ndipo atatsegula anapeza mapu aja, onyezimira, nsanja ya mtsikana woweta mphepo itazunguliridwa ndi inki yofiira. Asisi anawakumbatira pachifuwa. Ine ndinaponya maso m'chikwama chake. Munalibe ena.

"Alamu, koma akongola. Munangopanga amodzi?"

Anandiyang'ana ngati wapeza njoka m'nsapato. "Amodzi, mlamu. Nanga asisi ako alipo angati?"

Adadi ali ndi lamulo loti pakakhala nkhani yaikulu mafoni onse achoke pabalaza. Anandipatsa ine kuti ndikawasiye kuchipinda, ya asisi ndi ya Makutu, imene inali itazima chifukwa batire linatha panjira. Koma kuchipindako ndinachedwa kufika. Ndinaima kaye mukolido, kuseri kwa katani.

Adadi anayamba mwaukali ndithu. Anafunsa za makolo ake, za ntchito, za kumene adzakhale. Kenako anafika pomwe ankafuna. Anati amva kuti mnyamatayu amamvera nthano za ana, tsono awafotokozere kuti munthu wamkulu amapezamo chiyani.

Makutu sanachite manyazi. Anati iye sukulu anasiyira panjira, chifukwa buku la pepala akaligwira zilembo zimavina, tsamba limodzi limamutengera theka la ola. Kwa zaka zambiri ankadziona ngati mbuli. Tsiku limene anamva buku loyamba m'makutu, ali yekha m'denga la nyumba ya eni akukoka mawaya, ndi tsiku limene anadziwa kuti mutu wake ulibe vuto. Anati za achinyamata amazikonda chifukwa anthu ake sanaumebe mitima, akakonda amanena, akalakwa amavomera. Za matsenga amazikonda chifukwa m'menemo palibe amene amapeza mphamvu osataya kanthu, ndipo ukazigwira molakwika zimakupweteka, monga magetsi.

Adadi anatsokomola.

"Tsono mphepozo amaziweta bwanji? Zili ndi khola?"

Makutu anati zili nalo, la miyala, pamwamba pa phiri. Adadi anati zabodza, mphepo ikhoza kutulukira m'mipata. Makutu anati n'chifukwa chake amamata ndi phula. Adadi anasendera kutsogolo pampando, kufunsa kuti nanga ya kumwera ndi ya kumpoto sizimenyana zikakhala khola limodzi? Posakhalitsa mapu anali patebulo, adadi atavala magalasi, akuloza ndi chala, akunena kuti kalonga ameneyu iwo sakumukhulupirira. Amayi anasuzumira kuchokera kukhitchini n'kunditsinzinira diso. Ndinamva adadi akuti mwana wanga, ndipo sankanena asisi.

Ndinapita kuchipinda ndikudzidzudzula. Mwina ndine amene ndili ndi mtima wokayikira, mwina mapu enawo anawonongeka, mwina foni inadumphadi yokha. Ndinaika ya Makutu pachaja, sinayake n'komwe. Ya asisi inatsala m'dzanja langa. Ndipo poti onse anali otanganidwa, ndinati chaputala 33 chokha, kamphindi chabe, ulendo uno ndibwezera. Musandiweruze.

Nditangotsegula bukulo, pagalasi panatulukira kabokosi. Kanati foni ina yafika pa chaputala 41, mphindi imodzi yapitayo, kodi mukufuna kupita pamenepo?

Ndinayang'ana foni ya Makutu. Yakuda bii, yozima. Ndinayang'ana ya asisi, m'dzanja langa. Eni ake onse awiri ali pabalaza.

Ndinadina kuti inde. Pa chaputala 41 panali kachizindikiro, kaja koti womvera amatha kuika n'kulembapo maganizo ake. Kanaikidwa lero lomwe, ndipo kanalembedwa chonchi:

"Pepa ndakusiyanso m'mbuyo, sindinathe kudikira. Ndinakuuza kuti kalonga ndi wabwino, waona? Mapu ndawapachika pamwamba pa bedi. Ukachoka kumeneko undiimbire, undiuze mmene zayendera."

Kumeneko. Ndiye kuti akudziwa kumene Makutu ali, akudziwanso chimene wabwerera. Makutu alibe mlongo, kwawo anabadwa amuna okhaokha, ndipo amayi ake foni yawo ndi ya mabatani. Kaya wolembayo sakudziwa kuti asisi amaona zolembedwa pamenepo, kaya akudziwa bwinobwino ndipo n'chifukwa chake walemba, ine sindinganene.

Panopa ndili chiimire pakati pa chipinda. Kuchokera pabalaza ndikumva adadi akuseka, kuseka koti sitinakumve chiyambire chaka. Akuitana amayi kuti asiye za kukhitchini adzakhale pansi, ati ali ndi mawu oti anene pamaso pa onse. Asisi nawonso akundiitana, akuti ndifulumire ndisaphonye. Ndine amene ndinawagwira dzanja kuti asatumize uthenga uja. Ndine amene ndinameza za mapu. Kachizindikiroka kufufuta kwake n'kudina kamodzi kokha, ndipo chala changa chili pomwepo.

Inu mukanakhala ine, mukanalowa pabalazapo foni ili m'manja adadi asanatsegule pakamwa, kapena mukanaisiya pabedi n'kukawomba nawo m'manja?